Mlandu wa Tsitsi la a Nachin

Zolembedwa za msonkhano wa komiti ya akulu a banja la Sumuru, tsiku la 9 mwezi wachitatu, Chaka cha Galu, m'chipinda cha makolo, ku Beijing.

Opezeka: A Tachibu (wapampando), a Fulehe, azakhali a Gosinga, a Sengge, a Yarha, Ujen (mlembi).
Oitanidwa: A Nachin, nduna ya zombo za nkhondo, akazi awo mayi Mudan.
Opepesa: A Burgi (akudwala miyendo).

1. Kutsegulira
Wapampando anafukiza lubani ndi kutsegula msonkhano 10 koloko m'mawa.

2. Dandaulo
A Fulehe anati msuweni wawo a Nachin adula tsitsi lawo loluka la kumbuyo, limene mwamuna aliyense wa mtundu wathu wa Amanchu amafa nalo. Anapempha kuti dzina lawo lifafanizidwe m'buku la banja, ndipo iwo ndi ana awo asadzaikidwe kumanda a makolo. A Nachin atavula chipewa, a Fulehe anati, "Taonani nokha! Mutu ngati chikho. Nduna yanji imeneyi?" Wapampando anawauza akhale pansi.

3. Yankho la a Nachin
A Nachin anati mwezi watha ankayesa chombo chatsopano panyanja. Ali m'chipinda cha injini, tsitsi la wosonkha moto wina, Qiu Dahai, linakodwa m'gudumu, nkuyamba kumukokera mutu kuchitsulo. Iwo anasolola mpeni nkulidula.

Anati munthuyo atatsitsimuka sanathokoze. Analira kuti popanda tsitsilo kwawo amuseka, ndipo akuluakulu amukwapula nkumuchotsa ntchito. Apo a Nachin anasonkhanitsa amalinyero onse pamwamba pa chombo, nadzidula tsitsi onse akuona. Pofika madzulo, anthu 212 anali atadula.

"Bambo aakulu," anatero kwa wapampando, "chaka chatha makina ngati omwewa anatiphera anthu atatu. Amene analembera amayi awo makalata ndine. Wachinayi sindimulembera."

A Fulehe anati malinyero ndi malinyero, mwambo ndi mwambo.

4. Mboni
Mayi Mudan anapempha kuti mboni imene anabwera nayo ilowe. A Fulehe anakana poti si wabanja. Wapampando analola.

Qiu anagwada, namasula nsalu ya kumutu. Bala lake ndi lalikulu ngati chikhatho. A Yarha anatuluka panja pang'ono. Atafunsidwa ngati ali ndi mawu, Qiu anati, "Mabwana, ine kuyankhula sinditha. Mkazi wanga anabereka Lachiwiri. Mwanayo ndamunyamula ndi manja angawa." Kenaka anaima mpaka atauzidwa kutuluka.

5. Kukambirana
A Sengge anafunsa ngati kunyumba yachifumu akwiya. A Nachin anati anakagwada kukafotokoza. Anawadzudzula, koma udindo anawasiyira.

Azakhali a Gosinga anayankhula osapempha mwayi. Anati agogo athu analuka tsitsi kuti lisawatseke maso pokwera hatchi, osati kuti liziwapha. Kenaka anati, "Iwe Fulehe, ndinakusambitsa ndine. Lakolo linathothoka zaka khumi zapitazo. Limene ukupukusalo ndi mchira wa hatchi wogula kumsika. Ndiname?"

A Fulehe anapempha kuti mawuwa asalembedwe. Azakhali anapempha kuti alembedwe. Wapampando sanamve pempho loyamba.

6. Chigamulo
Ofuna kufafaniza dzina: mmodzi. Okana: asanu.
Anagwirizana kuti dzina la a Nachin likhale, ndipo pambali pake mlembi alembe kuti anapulumutsa munthu panyanja. Mayi Mudan analira, ndipo azakhali anagogoda tebulo ndi kaliwo wawo mpaka fodya anatayika. Msonkhano unaima pang'ono.

7. Zina ndi zina
(a) A Sengge anati Qiu adye nafe nkhumba ya nsembe ya mwezi uno. Zinavomerezedwa.
(b) Wapampando anati ali ndi zaka 76 koma nyanja sanaionepo, choncho akufuna kukwera chombocho asanafe. A Nachin anati, "Bambo aakulu, mukasanza." Wapampando anati, "Ndikasanza ndili pa chombo cha mwana wanga. Konza ulendo."

8. Msonkhano wotsatira
Tsiku la 9 mwezi wachinayi, ngati wapampando adzakhale atabwerako.

Msonkhano unatsekedwa 12 koloko masana.

Tachibu, Wapampando
Ujen, Mlembi