Dzina la Malemu pa Mapepala a Medhat

Lamlungu, 3 Novembala

Tsiku lachinayi Medhat ali m'chitokosi. Mwana wanga, zaka 27, munthu woopa ndi mphaka yemwe. Anaswa magalasi a sitolo ya pakona, n'kumuthyola mkono mwini wake, ati ankamujambula mobisa. Ndinamupititsira buledi ndi nyemba, sanakhudze. Msewu wonse ukudziwa. Popita kumsika ndadzera kuseri kwa mzikiti ngati wakuba.

Lachiwiri, 5 Novembala

Kwa loya, a Raafat. Njira akuti ziwiri. Ndende, kapena woweruza alamule kuti akamusunge kuchipatala cha boma cha amisala masiku 45, madokotala atatu amuunike n'kulembera khoti. "Koma pafunika umboni woti anayamba kale kudwala, amake Medhat. Mapepala alipo?" Alipo, thumba lonse. Ndinangoti ndikafufuza. Tiyi wawo ndinamwa wotentha mpaka kupsa lilime.

Lachinayi, 7 Novembala

Ndapereka thumba lija. Zaka zisanu ndi chimodzi za sitima yapamtunda ya ku Alexandria, kwa dokotala wakutali, kuti a kuno ku Damanhur asatione. A Raafat anawerenga, anavula magalasi. "Nanga Abdel-Wahab ameneyu ndani?"

Malemu mwamuna wanga. Tsiku loyamba mlembi wa adokotala atafunsa dzina la wodwala, ndinatchula la womwalira. Ndinkaganizira mwana wanga wamkazi, Shaimaa. Ndani angafunsire mlongo wake wa wamisala?

"Mayi inu, mukufuna ndikauze woweruza kuti munthu wa kumanda akumwa mapiritsi?" Dokotalayo anasamukira kunja chaka chatha, mankhwala timangogula ndi pepala lakale. Mboni yatsala ndine. Pakamwa pangapa, pamaso pa anthu. Manyazi, Mulungu wanga, manyazi.

Loweruka, 9 Novembala

Chimene sindinawauze a loya. Sabata yoti akwawo kwa Tamer abwere kudzapempha Shaimaa, ndinamuleketsa Medhat mankhwala. Amamunjenjemeretsa manja. Ndipo mwamuna pakhomo pano ndi iyeyo, woyenera kugwirana dzanja ndi bambo ake a Tamer powerenga Fatiha, pemphero lomangira chitomero. Anagwiradi, dzanja lili nji. Ine kunyada, chitsiru. Alendo atapita anakana kuyambiranso, ati wachira. Patatha masiku khumi, sitolo ija.

Masana kunabwera Hajja Nawal, amake Tamer, ndi mbale ya keke ya basbusa ndi maso oyendayenda. "Paja munati n'kutopa chabe, eti achemwali?" Ndinavomera ndi mutu. Mphwawo ndi mlembi kukhoti komweko, chilichonse ndikanene chikafika kwawo dzuwa lisanalowe.

Atatuluka ndinamuululira Shaimaa. Ndinati zonsezi ndinachitira iwe. Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kuphazi. "Munandifunsa?" Basi. Anakalowa kuchipinda.

Lolemba, 18 Novembala

Ndanena. Dzina la malemu, sitima, mankhwala, Fatiha, zonse. Woweruza katatu konse: "Kwezani mawu, mayi." Ndinakweza mpaka akumbuyo anasiya kunong'ona. Mphwawo wa Hajja Nawal akulemba, osadzutsa mutu. Medhat kuseri kwa zitsulo, maso pa ine. Sindinathe kumuyang'ana.

Masiku 45. Osati ndende, pakadali pano. A Raafat akuti ndithokoze Mulungu. Ndathokoza. Ndinasanza pabwalo la khoti.

Lachitatu, 20 Novembala

Atuma azakhali ake a Tamer kudzatenga mphete ndi zibangili. Sanakhale pansi n'komwe. Shaimaa anazikulunga yekha m'kabokosi kake kofiira kaja, bwinobwino. Sanalire pamaso panga. Madzi kubafa anatayika nthawi yaitali.

Lachisanu, 6 Disembala

Andilola kumuona Medhat kuchipatala. Shaimaa anandiperekeza mpaka pachipata, malalanje anagula ndi iye. Amumeta, wanenepako, manja ayambanso kunjenjemera. Njira yonse ndinkakonza mawu opepesa. Sanandipatse mpata.

"Amayi, kuno adokotala amanditchula kuti Medhat." Akusenda lalanje, mosakwiya n'komwe. "Ku Alexandria kuja akamaitana dzina la bambo, inu n'kundikoka kuti tiye, ndinkayesa kuti amene anamwalira ndine, mukungondibisira."

Zaka zisanu ndi chimodzi mwana wanga akuyenda nazo zimenezo, ine nditamugwira dzanja.

Anandipatsa theka la lalanje. Lili pano pathebulo, lauma.