Buku la Aphunzitsi Likukana Kutuluka

Loweruka, 1 Malichi

Buku ndinamaliza dzana, koma likukana kutuluka mu kompyuta.

Ndilembe pang'onopang'ono mmene zilili, mwina mutu ungakhale m'malo. Aphunzitsi ali m'chipatala. Diso lakumanzere linazima kalekale. Latsala lakumanja, ndipo ndi lomwelo akulichita opaleshoni Lachisanu. Adokotala sanabise, akuti mwina liona bwino, mwina lizimiratu. Aphunzitsi anangoti, "Ndiye ndiwerenge kaye mutu womaliza uja."

Mkazi wanga sanaimepo kutsogolo kwa kalasi. Dzina la Aphunzitsili analitenga pondiphunzitsa ine zilembo pa makatoni a nsapato, ndili kale ndi ndevu. Bukunso analamula ndi iwo. Anati, "Nkhani zanu mukamazinena pakamwa zimasintha tsiku ndi tsiku. Zilembeni zikhale pansi." Ndalemba ndi chala chimodzi. Mutu uliwonse ankauwerenga okha pa kompyuta, mpando atausendeza mpaka mphuno kugunda galasi, zilembo zoyera pamalo pakuda. Papepala saona kanthu. Watsala mutu umodzi wokha woti awerenge, wa tsiku limene anabweretsa nsapato pa benchi yanga yosokerapo, tsiku lathu loyamba. Anati umenewo ukhale womaliza chifukwa ndi umene ndimanamapo kwambiri.

Mwana wathu wachisamba anawasiyira tabuleti kuchipatala asanabwerere kuntchito kwake. Akamwini anati n'zosavuta: kudina batani lotulutsira buku, kenako kulisamutsira mu tabuleti ndi kachingwe. Ndadina. Kamzere kobiriwira kamakwawa, kufika pakati kamaima, kenako kabokosi ka Chingerezi. Ndadinanso mpaka tiyi kuzizira. Chimodzimodzi.

Lamulungu, 2 Malichi

Ndinaimbira akamwini. Ndinawatchulira zilembo za m'kabokosi chimodzichimodzi ngati mwana woyamba kumene sukulu. Akuti tanthauzo lake n'lakuti buku silinatheke kupangidwa. Zimenezo ndikuziona ndi maso anga, ndikufuna chifukwa chake!

"Mwina ndi zithunzi, bambo. Muli zithunzi mmenemo?"

Chimodzi, cha ukwati wathu. Anati ndichichotse. Ndinachichotsa, mtima ukuwawa ngati ndawatulutsa m'nyumba yawo yomwe. Kamzere kanakwawa, kanaima pomwe paja.

"Tazimitsani muyatsenso." Ndinatero. "Bambo, popanda kuona sindingadziwe. Dikirani Lachinayi, amayi a ana akubwera." Lachinayi! Nanga chikamukanikanso?

Masana kuchipatala. Ndisanakhale n'komwe pansi, Aphunzitsi: "Buku langa?"

"Likubwera."

"Likubwera wapansi?"

Mayi wa bedi loyandikana anaseka mpaka kutsokomola. Nanenso ndinaseka, mano okha. Tabuleti ndabwera nayo kunyumba.

Lolemba, 3 Malichi

Ndinapita kwa Injiniya, uja wokonza mafoni amene kanyumba kake kanagundana ndi pamene panali benchi yanga. Anatseka kanyumbako masana n'kubwera. Munthu wabwino, koma kulankhula. Anatsegula chibokosi cha kompyuta, anauzira fumbi, akuti, "Madala, mumasunga nkhuku muno?" Analowetsa pulogalamu yatsopano m'malo mwa yakale. Anadina, n'kuti tisakhudze kanthu, tingoyang'ana.

Tinakhala. Kamzere kanaima pakati nthawi yaitali, chimphepo chikulira m'chibokosi ngati galimoto pa chitunda. Kenako kanasuntha. Kanafika kumapeto! Ndinaimirira mpando kugwa.

Anasamutsira mu tabuleti. Linatenga nthawi kutseguka, ndipo litatseguka silinali buku. Tsamba loyamba mndandanda wa zam'kati. Lachiwiri mndandanda. Kupitirira, mndandanda wokhawokha. Mawu ndi anga ndithu, ndikuwazindikira, koma odulidwa michira. "Tsiku limene denga linadontha". "Bambo anga atandipatsa nyundo". Chiyambi cha chilichonse chimene ndinanena chandandalikidwa pamenepo ngati nsapato za mwendo umodzi. Injiniya anakankha ndi chala, kukankha, tabuleti n'kuuma gwa. Sinayankhenso mpaka ataizimitsa.

Anakanda m'mutu. "Ine ndimadziwa mawaya, madala. Za mabuku ayi. Mwina fayilo inavunda m'kati. Bwanji mungolilembanso mwatsopano?"

Ndinangomuonetsa chala changa.

Atapita ndinakhala ndikuyang'ana mpando wa Aphunzitsi. Mtsamiro wawo udakali ndi dzenje.

Lachiwiri, 4 Malichi

M'mawa ndinajambula galasi la kompyuta ndi foni, tsamba ndi tsamba, mutu womaliza wonse. Kuchipatala anayandikiza foni ku diso, anaitembenuza uku ndi uku. "Ndikuona chifunga."

Ndinakapeza anamwino aakulu, aja a magalasi pachingwe. Ndinavula chipewa. Ndinati andilole kubweretsa kompyuta kuchipatala, ndiisenza ndekha, thebulo ndibweretsa, ndikatha ndisesa. Anandimvetsera mpaka kumapeto, sanandidule. Kenako anandilozera soketi ya pakhoma, mwalumikizidwa kale makina a mayi wina wopuma movutika. "Agogo, ndichotse iti?" Ndinavala chipewa changa.

Nditabwerera pa bedi ndinati, "Aphunzitsi, ndikopera papepala ndikuwerengereni."

"Inu? Mukafika pamene sipakukukomerani mulumpha. Ndimakudziwani."

"Sindilumpha."

"Muwonjezera ndiye."

Mayi woyandikana uja anati, "Musiyeni awerenge, anzathu. Ena amuna athu sabwera n'komwe." Aphunzitsi sanaseke. Anafufuza dzanja langa pa bulangeti. Lawo linali lozizira. Anatsitsa mawu kuti mayiyo asamve.

"Mawu anu ndidzawamvabe ngakhale diso litazima. Ndikufuna ndione zilembo zanu. Ndinakuphunzitsani ndine. Chinthu chomaliza kuchiona chisakhale denga ili."

Ndinayang'ana m'mwamba. Denga la mabanga a madzi, ndi fani yosazungulira.

M'basi ndinalira, kondakitala n'kumayang'ana kumbali.

Lachitatu, 5 Malichi

Ndinayesa kulemba mutuwo mwachindunji mu tabuleti. Chala chinauma ndi zingano za nsapato, galasi silichimva. Likachimva limatenga zilembo ziwiri nthawi imodzi. Kufika masana ndinali ndisanatuluke m'ndime yoyamba, kenako ndinakhudza pena pake zonse n'kusowa.

Sindinapite kukawaona. Ndinavala jekete, ndinafika pa geti, ndinabwerera. Ndikanati chiyani?

Mulungu, ndi kamzere chabe kobiriwira.

Lachinayi, 6 Malichi

Chisamba wafika ndi basi ya m'mawa. Chikwama sanatule n'komwe kuchipinda, anangokhala pa mpando wa amayi ake n'kutsegula bukulo. Anatsika nalo, anakwera nalo. Ine chilili kumbuyo kwake.

"Bambo, zilembo zikuluzikulu chonchi munazipanga bwanji?"

Ndinamuonetsa, ndi kunyada pang'ono. Pamwamba pali kabokosi, ukadina pamatsika mayina, umasankha lachiwiri. Zilembo zimatupa nthawi yomweyo.

"Ndime iliyonse mumatero?"

"Iliyonse."

Anagwira pakamwa. Akuti limenelo ndi la mitu ya nkhani yokha. Pulogalamu ikaliona imati apa payamba mutu watsopano, imadula pamenepo, imatsegula tsamba lina, n'kulemba dzina lake mumndandanda. Ndiye yakhala ikudula buku langa pa ndime iliyonse mpaka kutopa. "Amuna anga sanakuuzeni?"

Anandiuza, sindikana. Tsiku loyamba lomwe anandiuza kuti ili ndi la mitu. Koma tsiku lina ndinalidina molakwitsa pakati pa nkhani, amayi ake ali pambali panga, ndipo anati, "Eya! Tsopano ndikuona." Kuyambira pamenepo sindinagwirenso lina. Ndinamufotokozera choncho. Ndimayembekezera kuti aseka. Anatuluka panja, anakakhala kanthawi ku mpopi, anabwera nkhope yonyowa.

Kenako anasankha mawu a buku lonse n'kudina kamodzi. Zilembo zonse zinafota, kusanduka nyerere. Ndinamugwira mkono. "Iwe! Amayi ako saona zimenezo!"

"Bambo, ndisiyeni. Tabuleti imakulitsa yokha, mmene munthu akufunira. Ndikhulupirireni."

Ndinamusiya.

Vuto lina: mitu yeniyeni inafotera limodzi ndi zinazo, inasowa m'gulu. Iye sakuidziwa. Ndinakoka mpando. Iye akutsitsa, ine ndikuloza. Apa, denga lodontha. Apa, kubadwa kwako. Apa, pamene benchi inapsa. "Fulumirani bambo, nthawi yoona odwala." Ine sinditha kuwerenga mothamanga, milomo imafuna itchule. Anapirira. Chithunzi cha ukwati anachibwezera pamalo pake.

Anati ndidine ndine. Kamzere sikanakwawe n'komwe. Kanangodutsa, fyuu, ngati sikanandizunzepo.

Tinafika nthawi itatsala pang'ono. Aphunzitsi sanandifunse za dzulo. Anangoti, "Mwaonda." Chisamba anadetsa tsamba, anayeretsa zilembo, anazikulitsa. "Onjezera." Anaonjezera. "Onjezeranso." Mpaka mawu ochepa okha kudzaza galasi lonse, chilembo chilichonse ngati chala chamanthu.

"Eya."

Anaigwira okha ndi manja awiri pafupi ndi diso, milomo ikuyenda. Chisamba anafuna kumawatembenuzira masamba, anamumenya dzanja. Ine ndinakhala pa mphepete mwa bedi ndikuyang'ana nsapato zanga. Belu linalira, anthu anayamba kutuluka. Anamwino aakulu anabwera, anaima, anayang'ana, anakoka katani n'kupita.

Anawerenga mpaka dontho lomaliza. Anaika tabuleti pachifuwa, anatseka maso. Ndinadikira.

"Zofiira?"

"Chiyani?"

"Mwalemba kuti nsapato zija zinali zofiira. Zinali zabulauni."

"Zinali zofiira, Aphunzitsi."

"Ndinagula ndine, ndinavala ndine. Ndiponso sindinabwerenso kachiwiri chifukwa chokufunani ayi. Munasoka molakwika, chidendene chinachoka panjira."

Kuseri kwa katani mayi woyandikana uja anati, "Bodza, anakufunani!"

"Khalani chete inu, simunalipo." Akulankhula choncho misozi ikutsikira m'khutu. Anapukuta ndi ngodya ya bulangeti. "Zinazo mwalemba bwino. Zilembo zaima mowongoka. Koma zofiirazo mukakonze. Ndikatuluka ndidzaona ngati mwakonza."

Lachisanu, 7 Malichi

Ndikulembera pa benchi ya panja pa chipinda cha opaleshoni, kope pa bondo. Awalowetsa pa kabedi ka mateyala, atawaveka kachipewa kobiriwira. Polowa anauza mwana kuti tabuleti aitchaje, asaiwale. Chisamba wapita kukafuna soketi.

M'mawa tisananyamuke ndinayatsa kompyuta. Zilembo zing'onozing'ono zija zinandivuta, koma ndinawapeza mawuwo. Ndinaika kamzere kothwanima kumapeto kwake, chala pa batani lofufutira. Chisamba akuitana pakhomo kuti basi itisiya.

Ndinachotsa chala, ndinazimitsa.

Zidakali zofiira. Abwere adzandigwire okha.