Nsambo za Nayiloni

Lolemba, 3 Juni 2024

Chiperoni kuyambira m'mawa. Phiri silikuoneka n'komwe. Zovala za amuna anga a Lenard zomwe ndinachapa Loweruka sizinaumebe.

Akadali m'chipatala ku Mishoni. Lero adokotala anatiitanira panja, ine ndi alamu anga a Ireen, achemwali awo aakulu. Chotupa cha m'mimba chafalikira. Opaleshoni ayi. Kwatsala kungochepetsa ululu basi. Ndinafunsa kuti mpaka liti, iwo anangoyang'ana pansi.

A Ireen pobwerera kuwodi: "Mlamu, pakamwa potseka. Munthu ukamuuza amafa tsiku lomwelo." Akuti ngakhale Chiyembekezo, mwana wathu amene ali pantchito ku Mzuzu, asamve, chifukwa akabwera ndi misozi aulula zonse. Kwathu kuno ndi mmene timachitira. Wodwala timamuuza kuti mwayamba kuoneka bwino, ngakhale maso atalowa m'kati. Ndinalowa, ndinanena zomwezo. Mwamuna wanga anamwetulira, nandifunsa ngati nkhuku zikuikira.

Ndalira m'minibasi mpaka pa Thuchila. Mayi wina anandipatsa nthochi osafunsa kanthu.

Lachitatu, 5 Juni

Akufuna gitala. Munthu sakumaliza phala la m'kapu, koma akufuna gitala.

Yakale ija, ya malemu bambo awo yochokera ku Milanje, tsidya la malire, imene ankaitcha viyola, inatha chaka chatha. Chinyezi cha kuno. Guluu anamatuka, khosi linapindika, nsambo zinakwera m'mwamba. Ili pamwamba pa kabati, mphemvu zikugonamo.

"Ndikatuluka ndikaimbire kwaya pa Masika," akutero. Ine: inde, mukaimba.

Chipeleganyu cha ife atelala, mwezi uno wolandira ndine. Ndimati ndigule mota ya makina. A Ireen akuti ndisunge, zikubwerazi zifuna ndalama. Akunena bokosi. Ndinawayang'ana mpaka anatembenukira kwina. Ndalama ndi yanga, mwamuna ndi wanga, ndipo akupuma.

Loweruka, 8 Juni

Limbe. Ndatseka shopu, mayunifolomu a eni ake ali patebulo osatha. Kasitolo ka zoimbira, mwini wake a Danieli, munthu wosapupuluma. Magitala khoma lonse, koma amene thumba langa lingafikire ndi atatu okha.

Yoyamba yakuda, yaikulu, yonyezimira, nsambo za waya. Ikalira imamveka mpaka pamsewu. Ndiyo yotsikirako mtengo, ndipo akupatsa ndi lamba womwe. Yachiwiri yaing'ono, mtundu wa tiyi wamkaka, khosi lotambalala, nsambo za nayiloni. Mawu ake apansi, ngati munthu akulankhula m'nyumba muli mwana wogona. Yokwererako pang'ono. Yachitatu yakaunjika, thabwa labwino akuti, koma ili ndi mng'alu kumbuyo. Ndi chiperoni chathuchi singaone Khirisimasi. Imeneyo ndaisiya pomwepo.

Anandiuza ndidinikize nsambo ndi chala. Ine wogwira singano tsiku ndi tsiku, koma waya anandisiyira mzere. Nayiloni osamva kanthu. A Danieli: "Ya waya imafuna zala zamphamvu, mayi. Ya nayiloni amakonda ana ophunzira ndi achikulire."

Sindinagule. Ndajambula ziwirizo pafoni.

Lamulungu, 9 Juni

Ndawaonetsa zithunzi. Anadzuka okha n'kutsamira pilo, zomwe sanachite sabata yonseyi. Kukulitsa chithunzi, kuchepetsa, kukulitsanso. Kundikalipira kuti bwanji sindinagogode pamimba pa gitala kuti ndimve thabwa. Zaka zonsezi akutsitsa matabwa pamutu kuchokera kuphiri la Chambe, ndiye chilichonse amagogoda, ngakhale chitseko cha tchalitchi.

Asankha yakuda. "Inayo ndi ya ana a sukulu. Ine ndiime kumbuyo kwa amayi a Mvano onse aja ndi nayiloni? Andimva ndani?" Anaseka mpaka kutsokomola.

Kenako anapempha madzi. Kapu ya pulasitiki, yosadzaza n'komwe. Anaigwira ndi manja awiri, inagwabe pabulangete. Zala zomwe zinkatsegula botolo popanda opena.

Tonse tinati kapuyo ndi yoterera.

Lachiwiri, 11 Juni

Ndasoka kolala chagada, ndaphwasula, ndasokanso chagada. Mutu suli pano.

Ndikagula yakuda asangalala kuiona. Aifukata, adinikiza, siilira. Aziti mawa, mawa, ndipo ikhala pakona mpaka tsikulo. Ndikagula yaing'ono ailiza, mwina nyimbo imodzi, mwina ziwiri. Koma si imene apempha.

Ndinafunsa a Ireen, ndipo ndinalakwa kufunsako. Akuti ndigule yomwe wanena mwini wake, ndikasintha afunsa chifukwa. Akutinso gitala kuwodi ayi, anthu aziti tayamba kuimba maliro munthu ali moyo. Isungidwe kunyumba mpaka atatuluka. Kutuluka kwake kuti? Iwo omwewo anali nane panja paja. Bodza lathuli tayamba kulikhulupirira tokha.

Ndakwiya, koma sindikudziwa kuti ndakwiyira ndani.

Lachisanu, 14 Juni

Ndagula ya nayiloni.

Ndinaima nthawi yaitali. A Danieli kutsitsa yakuda, kuibwezera, kuitsitsanso, osadandaula. Ndinagogoda zonse ziwiri monga anandiuzira a Lenard, sindinamve kusiyana kulikonse. Ndinangokumbukira kapu ija. A Danieli anandichunira, nandiuza kuti ndisaiyandikize kumoto kapena kuitsamiritsa kukhoma lonyowa.

M'minibasi ndinaifukata ngati khanda. Bambo wina anapempha kuti aiyese, ndinakana mwamwano. Andikhululukire.

Chikwama chake ndasoka ndekha ndi jinzi yotsala, m'kati ndaika bulangete lakale. Mota ya makina idikire.

Chonena ndakonza: yakuda ndinapeza itagulidwa kale. Ndabwereza ndikupalasa makina. Zikumveka ndithu.

Loweruka, 15 Juni

Ndinalowa nayo masana nthawi yoona odwala, a Ireen atapita kukaphika ku gadiyani, kokhala osamalira odwala. Anesi anangoti tisasokose ena.

Anatsegula zipi okha, pang'onopang'ono. Ndinayamba zanga zija, yakuda ndinapeza... Sanandiyang'ane. Anagogoda pamimba pake. Anayendetsa chala chachikulu pansambo, kenako anayang'ana zala zawo zakumanzere nthawi yaitali.

"Nayiloni," anatero. Kenako: "Ndiye kuti adokotala anakuuza, eti Esteri?"

Bodza lonse linathera pomwepo. Ine ndimayesa ndikusankha gitala. Chinsinsi chomwe tonse takhala tikubisa ndinachisokera chikwama ndekha n'kukachipereka m'manja mwawo. Mkazi amene akuyembekeza kuti mwamuna wake akaimanso kumbuyo kwa kwaya sagula nayiloni, ndipo iwo amandidziwa.

Ndinavomera ndi mutu. Ndinalira pamaso pawo, chinthu chomwe tinapangana kuti asachite wina aliyense.

Iwo: "Nane ndatopa kukunamizani kuti ndikuchira. Khala apa."

Anaimba. Zala zinakwanitsa. Nyimbo ya Chilomwe ija ankandiimbira tili pachibwenzi, imene mawu ake ena sindiwamva mpaka lero. Pansipansi. Bambo wa bedi loyandikana anazimitsa wailesi yake. Pakati pa nyimbo mpweya unawathera, anangopitiriza ndi zala zokha.

A Ireen anaima pakhomo ndi kontena ya phala. Sanalowe, sanachoke.

Lamulungu, 16 Juni

A Ireen sakundilankhula. Auza anthu ku gadiyani kuti ndapha mlongo wawo ndi gitala. Mwina akunena zoona. Mtima ukundipweteka.

Koma lero a Lenard alankhula. Munda wa nandolo ukhale wa Chiyembekezo. Kwaya isadzaimbe mothamanga ngati ikuthawa mvula. Foni anaimba okha: "Chiye, kwera basi, usadikire malipiro." Akufika Lachiwiri. Dzana lomweli ine ndimamuuza kuti asavutike, ababa ayamba kudya.

Gitala akugona nayo kukhoma, mwendo uli pamwamba pake, akuti angaibe.

Lachinayi, 11 Julayi

Ndatsegula shopu. Mayunifolomu aja eni ake anadzatenga osatha.

A Lenard anatisiya, gitala sanathe nayo masabata awiri. Chiye anawapeza akulankhula, nyimbo ija anaimva. Pa Masika kwaya inaimba popanda gitala, ndipo sinathamange.

Tsiku logawa katundu wa malemu, ana a alongo awo anaitulutsa pabwalo pamodzi ndi njinga ndi majombo. Mkazi wamasiye salankhula pamenepo. Amene anaimirira ndi a Ireen: "Imeneyo bwezani m'nyumba. Ndi ya mlamu." Dzulo anabwera ndi nyemba za kalongonda m'mbale, tinadyera limodzi.

Chiperoni chabweranso. Ndinaitulutsa m'chikwama kuti ndione ngati khosi lili bwino. Lili bwino. Koma ndikakhudza nsambo sizikumveka ngati tsiku lija. A Danieli ananena, nayiloni yatsopano imatsika yokha, imafuna kuchuna pafupipafupi.

Amene anapotokola makiyi ochunira komaliza ndi a Lenard. Ndikaisiya, ikuchoka yokha pamene anaisiya, tsiku lililonse pang'ono. Ndikachuna ine, ndachotsa dzanja lawo.

Ndagwira kiyi woyamba, koma sindinapotokole.