Mtovu m'chiwaya chanu

Amayi, mwadzuka bwanji kumeneko? Kuno tadzuka, koma si tonse. Ndakhala pakhonde lanu, pomwe munkapetera mpunga paja, ndipo aka n'kachitatu kuyamba kalatayi. Ndikalemba mizere iwiri ndimanyamuka, kukazungulira nkhokwe, n'kudzakhalanso. Munkanena kuti ine ndinabadwa ndi nyerere m'kabudula. Lero ndiye zachita kuswana.

Ndiyambe ndi zabwino, poti inu simunkafuna kuti munthu atule uthenga asanamwe madzi. Khitchini yanu tinafoleranso ndi udzu watsopano. Mbuzi yanu yamawanga ija inaswa awiri, mmodzi tinapha pa sadaka yanu, winayo ndi wakuba kuposa make. Ine ndikadali kuchikamwini, kutsidya la dambo, ndipo mkazi wanga Mariamu ali bwino. Mlongo wanga Patuma ndiye akusunga nyumba yanu. Geni ya matemba sanasiye, amakapikula kunyanja ya Chiuta n'kumagulitsa pa Liwonde. Mwamuna wake akadali ku Joni, foni amaimba akakumbuka.

Mimba ya Patuma yomwe munaisiya ija inatipatsa mwana wamkazi, ndipo tinamutcha Asiyatu, dzina lanu. Wakwanitsa zaka ziwiri ndi miyezi. Amayenda ataika manja kumbuyo ngati inu, moti tonse timangomuitana kuti Amayi. Akakana phala, Patuma amagwada n'kunena kuti, “Amayi, idyani, musatichititse manyazi pamaso pa alendo.” Mwana ameneyu ndi amene wandikhazika pakhonde lero, koma mundilole ndifike pang'onopang'ono.

Dzinja loyamba mutatisiya, nguluwe zinatimaliza. Munda wanu wa m'mphepete mwa phiri uja zinaulowa chimanga chitangoyamba kukhwima, n'kuusiya ngati bwalo la mpira. Tinayesa kuimba zitini, tinakumba ngalande, tinafukiza tsabola, koma izo zinkangobwera ndi ana awo omwe. Pofika Okutobala Patuma anali akugula ufa wa m'timapepala. Mwinimbumba ndine, Amayi. Patuma akalira salirira munthu wa ku Joni, amalirira ine. Ndinapsa mtima, ndipo ndinalumbira kuti chaka chinacho nguluwe zidzandidziwa.

Ndinamva kuti ku Phalula kuli mkulu wina, a Chikopa, amene anali mlenje pa esiteti ina kalekale, ndipo akugulitsa mfuti yawo chifukwa maso ayamba kuchita nkhungu. Ndinapita. Mfutiyo ndi yaikulu kwa ine pobadwa. Mtengo wake wapaphewa unang'aluka, anachita kuumanga ndi waya, koma mkuluyo anandiuza kuti mfuti yakale saiona kunja. Anandisuzumiritsa mumpope ataulozetsa kudzuwa, ndipo m'kati munali mowala bwino. Za mapepala musade nkhawa, tinapita limodzi kupolisi, ndinadikira miyezi, chiphaso chinatuluka m'dzina langa.

Vuto linali zipolopolo. Za mtundu umenewo m'masitolo zinasiya kupezeka. A Chikopa anatulutsa kathumba ka makoko amkuwa a zipolopolo zowombedwa kale, kachitini ka wonga, tizitsulo tina, ndi kachikombole kokhala ngati pulayala. Anati, “Bambo, mfuti iyi sidya zogula. Muziiphikira nokha ngati mwana wamasiye.” Ndinakhala nawo masiku awiri akundiphunzitsa. Ndinafunsa za muyezo wa wonga, za makoko ong'aluka, za phula la njuchi lomwe amapaka pachipolopolo kuti chisamatirire mumpope. Ndinafunsa zonse zokhudza mfuti. Za mtovu wokhawo, kuti umatani m'thupi mwa munthu, sindinafunse, ndipo iwo sananene. Inu mukanakhalapo mukanati safunsa anadya phula.

Mtovu ndinkautenga m'mabatire akufa a galimoto, kwa amakanika a pa Liwonde. Tsiku loyamba ndinayesa kusungunula kuchikamwini kuja, koma Mariamu atangomva fungo anandithamangitsa. “Utsi umenewo kaufukizeni kwanu, kuno ayi.” Ndiye ndinabweradi kwathu. Patuma anali ku Chiuta ndi mwana. Ndinafuna chitsulo cholimba chosabooka pamoto, ndipo maso anga anagwa pa chiwaya chanu chokazingira mtedza chija, chili pamsomali pomwe munachisiya. Mabatire ndinaswera pansi pa mtengo wa mango, moto ndinakoleza pomwepo.

Sindikunamizani, ntchitoyo ndinaikonda. Zoyamba zinkatuluka zamakwinya chifukwa chikombole chinali chisanatenthe, ndipo ndinkazibwezera m'chiwaya. Kenako zinayamba kugwa zosalala, zonyezimira, zofanana ngati mazira a nkhuku imodzi. Ndinkazindandalika pathabwa n'kumaziyang'ana ngati ndabereka. Chiyambire sindinapangepo kanthu ndi manja anga komwe anthu n'kubwera kudzaonerera. Nyengo imeneyo ndinagwetsa nguluwe zitatu. Ine sindinazikhudze, mukudziwa Chisilamu chathu, anadzanyamula anzathu achikhristu a kwa a Namakhwa, akuimba njira yonse. Zotsalazo zinasamuka. Nkhokwe yanu inadzaza mpaka tinasomeka mapesi pamwamba, ndipo pamsika anthu anayamba kundiitana kuti alenje. Mutu unakula, Amayi, chipewa chinkachita kuthina.

Tsono imvani chomwe ndinachita. Nditamaliza kusungunula, ndinadziwa kuti chiwaya chadetsedwa. Ndinachita monga munatiphunzitsira galu akanyambita mbale: kutsuka kasanu n'kawiri, kamodzi ndi dothi. Ndinawerenga bwinobwino, sindinadumphe. Chinayera mbee, ndinachibwezera pamsomali mtima uli m'malo. Zotsalira za mabatire ndi phulusa ndinangosesera patsinde pa mango. Ndinachita zimenezi maulendo anayi, nthawi zonse Patuma ali ku Chiuta, osati pobisa, koma kuti utsi usavute mwana. Ndinkadziyesa malume wanzeru. Patuma akabwera ankatenga chiwaya chomwecho kukazingira soya ndi mtedza wa phala la Asiyatu, ndipo mwanayo ankakhala pansi pa mango n'kumaphika masanje ndi dothi lomwelo.

Titangokolola, Asiyatu anayamba kukana chakudya. Ankagwira pamimba n'kumalira, kuchimbudzi masiku atatu osapita. Mawu omwe ankawadziwa anayamba kuthawa, ngakhale “malume” amene ankandiitana ndikadali kutali. Anamuyeza malungo kawiri, sanawapeze. Ashehe anabwera kudzamupempherera duwa. Patuma poona mwana akuwonda anawonjezera soya ndi mtedza kuti apeze mphamvu, ndipo ine ndi amene ndinkamugulira soyayo. Dzana mwana anakomoka, manja ndi miyendo zikugwedezeka, ndipo tinathamangira naye kuchipatala ku Liwonde.

Lero m'mawa kunabwera dokotala wamkazi, wodekha polankhula. Anamuyang'ana m'maso, anamutsegula pakamwa n'kuyang'anitsitsa nkhama, kenako anafunsa kuti, “Mayi, pakhomo panu pali amene amakonza mabatire, kapena kusungunula mtovu?”

Patuma anati, “Iyayi adokotala, ife ndi olima. Ine ndimangogulitsa matemba.”

Dokotala anatembenukira kwa ine. “Nanga inu bambo, palibe chomwe mukudziwa?”

Amayi, ndinayang'ana pansi. Ndinapukusa mutu. Ine amene ndinaima osanjenjemera nguluwe yaimuna ikubwera molunjika, ndinalephera kutsegula pakamwa pamaso pa akazi awiri. Dokotala anafotokoza kuti mtovu ukalowa mwa mwana umakhala m'magazi n'kumawononga mutu, ndipo mankhwala ake ndi ena, ofunika kuwaitanitsa msanga. Anati koma poti pakhomo palibe zoterozo, ayamba afufuza matenda ena. Ndinamva zonsezo ndili chiimire. Ndinaona dokotala akulemba papepala njira yolakwika, ndipo wolozera njirayo ndinali ine.

Titatuluka panja Patuma anandigwira dzanja. “Achimwene, pitani kunyumba mukanditengere bulangete ndi ufa wa phala uja uli m'chigubu. Za kuno sakudya, mwina wa kwathu alawako.” Anandithokozanso kuti ndikuvutika nawo. Mawu amenewo akundiwotcha mpaka pano.

Ufawo ndautaya m'chimbudzi, chigubu chomwe. Pansi pa mango ndapalapo dothi ndi khasu mpaka matuza, ndakalikwirira kudzenje la njerwa, ndipo sindikudziwa ngati ndachotsa lonse chifukwa silioneka ndi maso. M'njira monse ndimafuna woti ndimukalipire. Ndinayamba ndi a Chikopa, koma iwo anandigulitsa mfuti, sanandigulitse chiwaya. Ndinafika ndi pa inu, mundikhululukire, ndimvekere bwanji amayi sanandiuze kuti kuli litsiro losamva madzi asanu n'awiri. Koma inu munkanena za galu. Batire munalionera kuti?

Chomwe chinanditseka pakamwa ndikuchidziwa. Ndinaopa kuti apolisi amva n'kundilanda mfuti. Ndinaopa foni yochokera ku Joni, ndi abale a mwamunayo kunena kuti mbumba ya malemu Asiyatu imadyetsa ana poizoni. Koma kwenikweni ndinaopa maso a Patuma. Chimwalirire inu, iye amandiyang'ana ngati mzati wa nyumba. Ndikanena, sadzandiyang'ananso choncho, ndipo adzakhala akulondola. Ndikuchita mantha, Amayi, ndiponso ndikuchita manyazi kuti mantha anga ndinawaika patsogolo pa mwana.

Wanjinga yamoto wondibweza kuchipatala wati afika anthu akatuluka mumzikiti ku swala ya masana, ndiye ndati podikira ndiyesere mawuwa pa inu, ndione ngati angatuluke. Atuluka. Chiwaya ndachikulunga m'thumba pamodzi ndi zipolopolo zisanu ndi dothi la pamango m'kapepala, kuti dokotala akaone yekha. Ndikayamba ndi Patuma, pamaso pa dokotalayo, ndipo sindikanena kuti mwina kapena kapena. Ndikati ndine. Mfuti akafuna atenge, nguluwe zibwere zidye, chimanga chimadzalidwanso.

Pali chimodzi chomwe ndikukupemphani. Inu simunabwezepo munthu pakhomo panu. Wamisala, wogulitsa mphasa, mlendo wosochera, onse munkawayalira mkeka musanafunse dzina. Asiyatu simunamuonepo, koma simungamuphonye, ali ndi mphumi yanu ndi kayendedwe kanu. Mukamuona akubwera kumeneko, manja ali kumbuyo, chonde musamuyalire mkeka. Musamunyamule, ngakhale alire. Mukalipireni monga munkatikalipira ife tikakutsatirani kumaliro, mumuloze njira yobwerera, mumuuze kuti make akumudikira ndipo malume ake ali ndi mawu oti amupepese akadzakula.

Njinga ija ndikuimva kumsewu. Ndikulonjeza kuti dzuwa la lero sililowa ndisananene zoona. Ndimakukondani, Amayi, ndipo lero ndakusowani kuposa tsiku lomwe tinakuikani.

Ndine mwana wanu,
Jafali