Mfuti ya Abwana pa Boda

Achimwene,

Landirani moni kuchokera kuno ku Al Waab, m'dziko la Qatar. Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine m'thupi ndili bwino, koma mtima sunakhazikikebe.

Sabata yatha abwana anandituma kukasiya galimoto kwa m'bale wawo ku Saudi. Nditafika pa boda, asilikali anasecha galimotoyo n'kupeza kamfuti pansi pa mpando. Ine sindinkadziwa n'komwe kuti muli mfuti.

Nditawaimbira abwana, anayankha mosatekeseka kuti, "Mafi mushkila, palibe vuto, ndili ndi laisensi." Koma msilikali anandiuza kuti laisensi ya ku Qatar imathera pa boda pomwepo, kutsidya sigwira ntchito, komanso dzina lolembedwapo si langa. Anandilanda pasipoti ndi foni n'kundikhazika m'kachipinda kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ndinkangoganiza za ana anga, kuti adzamva zoti bambo awo ali m'ndende chifukwa cha chinthu chimene sanachigwirepo.

Abwana anabwera ndi mapepala awo, anakambirana nawo, ndipo anandimasula. Pobwerera, m'malo mopepesa, anandifunsa kuti bwanji sindinasuzumire pansi pa mpando ndisananyamuke. Ndinangovomera kuti ndalakwa, poti kontrakiti yanga ili m'manja mwawo.

Chonde amayi musawauze zimenezi, BP ingawakwere. Koma Madalitso wa azakhali, amene akukakamira zobwera kuno kudzayendetsa galimoto, mumuuze kuti asasaine chilichonse asanalankhule nane.

Mulungu akusungeni nonse, ndipo muzindikumbukira popemphera.

Ndine mng'ono wanu,
Limbani