Bodza Langa la Bere Lakumanzere

Lachinayi, 8 Juni 1995
Ku Chigwirizano cha amayi a mpingo kunabwera anesi, aMonika. Phunziro: khansa ya m'mawere. Ati tizidzipapasa mwezi uliwonse, mpaka m'khwapa. Amayi tonse mkono m'mwamba ngati ana asukulu odziwa yankho. Kuseka mpaka misozi. Kenako ati zaka zikamachuluka, kapena ngati mayi ako anadwalapo, uzichenjera kwambiri. Amayi anga anapita ndi chilonda cha pabere mu 1981. Tinkati analodzedwa.

Loweruka, 10 Juni
Kumtsinje. Alamu anga aMagdalena andionetsa kam'bulu kubere lakumanja, ngati nzama. Kosapweteka. Ati ndi makobidi a m'kamisolo, asiya kusungamo, katha kokha. Anesi anakana zimenezo Lachinayi, koma iwo anali panja kugulitsa zitumbuwa. Nditatchula chipatala, alamu ati: "Ino ndi matipate, Faines. Zokakamizana zinapita ndi makadi a chipani."

Lachiwiri, 13 Juni
Nzeru zabwera. Alamu sakana kuperekeza wodwala, amakapezako nkhani. Ndawauza kuti nanenso ndili nako, kumanzere, ndikuopa kupita ndekha. Ndinaliranso pang'ono, anyezi anathandiza. Ambuye andikhululukire. Pofika madzulo mudzi wonse wamva. Aneba aMargareta abwera ndi nkhuku, ati ya wodwala. Ndalandira, nkhope yachisoni. Ndidzabweza.

Lolemba, 19 Juni
Matola mpaka ku Boma. Alamu andilipirira, andimenyeranso malo akutsogolo. Kudwala nkokoma.
Kuchipatala ndinawatsinzinira diso aMonika. Anamva msanga. "Operekeza ayambe, kuti wodwala asaope." Alamu bulauzi vuu, monyadira. Awatumiza ku Lilongwe, akachotseko kachidutswa kokayeza. Ati achita bwino kubwera kakadali kakang'ono.
Kenako ine, kungomalizitsa bodza. Dzanja la aMonika linayenda, nkuima. Linapitirira, nkubwereranso pomwepo. Kumanzere.

Lachitatu, 21 Juni
Tonse awiri ku Lilongwe, tsiku limodzi, 27 Juni. Chiphunzirireni zija, ine sindinadzipapase ngakhale kamodzi. Dzanja linkakana.
Alamu za bodza sakudziwabe. Akuuza aliyense pachitsime: "Ndikanapanda kumukoka ine, akanafera m'nyumba ameneyu." Ine ndikungoti zoonadi alamu.
Nkhuku ya aMargareta ija sindibwezanso. Ndi yangadi. Ndaipha lero, alamu adya ntchafu zonse ziwiri, ati operekeza amafunika mphamvu.