Majombo a Adada Ali M'sutikesi

Achimwene a Chakufwa,

Moni wochuluka kuchokera kuno ku Hara. Kuzizira kwa ku Joniko mukulimba nako? Ife tilipo, mpunga tawokera kale.

Sabata yatha kunabwera azaumoyo kudzatola nkhono m'ngalande ija munkasambamo muli mwana. Akuti tizilombo ta likodzo timaswana m'kati mwa nkhonozo, kenako timatuluka n'kulowa pakhungu la munthu. Nkhonoyo imangodziyendera bwinobwino, odwala ndife.

Adada anangoseka. Akuti, "Mwamuna aliyense wa kuno anakodzapo magazi, ndiko kukula kumeneko." Ndinawayankha kuti munthu wa imvi kumakulabe sindinamuonepo. Majombo munatumiza aja akuwasunga m'sutikesi, akuti ndi a mwana wawo, matope angawawononge. Kumunda amalowa m'madzi opanda nsapato. Anthu awa inu!

Masiku ano adada amachedwa kuchimbudzi, ndipo zovala zawo akuchapa okha, sakufuna ndizione. Zinazo dzanja likukana kulemba.

Muwaimbire foni, inu amakumverani. Muwauze kuti Lachiwiri tipite kuchipatala, ndiponso kuti majombowo munagulira miyendo yawo, osati sutikesi. Koma musanene kuti ndakuuzani ndine.

Ndine mlongo wanu wokusowani,
Keziya